Bango lomwe anandiyeza nalo kumanda

Ine, Gervásio Martinho, wa zaka 74, wa m'mudzi mwa Kamphande ku Domwe, mlimi wa mbatata ya kachewere komanso mkulu wa adzukulu okumba manda, ndikunena izi.

Kumunsi kwa manda athu kuli kasupe. Zaka zitatu zino mvula ikumabwera mochedwa n'kuleka msanga, moti zitsime zina zonse zinaphwa. Watsala ndi kasupe ameneyu, ndipo mabanja khumi ndi anayi timathirira madimba ndi madzi ake. Saphwa chifukwa cha mitengo ya kumanda, imene sitidula.

Lachiwiri lapitali m'mawa, belu la kusukulu litangolira, ndili kudimba, ndinamva makina odulira mitengo akulira kumanda. Ndinakwerako. Ndinapeza amuna atatu atagwetsa kale mitengo isanu ndi iwiri, kamiyao yoyera, ndiye kuti lole, itaima pamsewu, mapazi ngati makumi atatu kuchokera pamenepo. Awiriwo sindiwadziwa. Wachitatu ndi Cassimiro, mwana wa malemu Alcides, amene amagulitsa makala ku Tete. Manda a bambo akewo ndinakumba ndine, pansi pa umodzi mwa mitengo anagwetsayo.

Ndinamuuza kuti mitengoyi ikatha, madzi athanso. Iye anati mbatata yathu ya chaka chonse siingafike pa ndalama ya kamiyao imodzi ya makala. Ndinati ndikanena kuboma.

Pamenepo anatsikira kukasupe n'kudula bango. Anabwera nalo, analiimika pambali panga kuyambira kuchidendene, n'kulithyola pomwe panathera mutu wanga. Umu ndi mmene ife adzukulu timayezera maliro tisanakumbe. Wamoyo sayezedwa. Mawu ake anali awa: "Muyeso ndatenga, agogo. Zotsalazo zili pakamwa panu."

Ndinachokapo, khasu langa n'kutsala komweko.

Lachitatu m'mawa mkazi wanga Rufina akusesa anapeza bangolo litagonekedwa pakhomo pathu. Tsiku lomwelo tinakwera chapa kubwera kuno ku Ulongwe kwa mwana wathu Quitéria. Bangolo ndabwera nalo, ndi ili. Lero akwana masiku asanu mbatata isanathiriridwe, ndipo inali itangoyamba maluwa.

Ndikupempha inu a boma kuti mukakaona kumandako, mundilembere kalata kwa Quitéria, adzandiwerengera, yonena ngati ndingabwerere kukathirira. Bangoli mulisunge konkuno, lisabwererenso kumudzi.

Zomwe ndikudziwa n'zomwezi. Andiwerengera, ndi mmene ndanenera.

Chidindo cha chala: Gervásio Martinho