Mizere ya Makala Pakhoma

Ine ndine mayi wa ku Ligowe. Sukulu sindinapite, koma ndinatopa n'kufunsa amuna anga komwe ndalama za tirigu wathu zinkathera. Tsiku lina ndinatola khala n'kujambula mizere pakhoma, uliwonse kutalika monga mwa ndalama zake: wa msonkho, wa khadi la chipani, wa mchere. Wa kachasu unakagunda denga. Wa bulangete la mwana wathu sunapose chala.

Amuna anga anayang'ana mzere wa kachasuwo nthawi yaitali. "Amake mwana, wautaliwu ndi wanga?"

Mowa anasiya tsiku lomwelo. Koma chibayo chinali chitamulowa kale mwanayo, ndipo tinamuika m'manda Juni asanathe.

Chaka chilichonse ndimazira nyumba yonse, koma khoma limenelo amandiletsa kulikhudza. Abambo mukumveranu, musadikire kuti khoma likuuzeni.