Maliro a Yusufu Anadikira Ndale

Zaka za m'mbuyomo, ndisanayambe kuyendera ndodo iyi, Amalawi mu Manchester muno tinali owerengeka, ndipo ukamva munthu akulankhula Chichewa m'basi unkatsika naye pa siteji yake ngakhale si yako, kungoti umufunse kuti kumudzi n'kuti. Lero mwachuluka, mwayamba kusankhana. Tawonga, ika foniyo pansi mwanawe. Makutu angawa ndi okalamba koma si ogontha, ndamva zomwe mumapangana pakhomo la tchalitchi paja, zoti gulu lathu la maliro ligawike patatu, akumpoto paokha, apakati paokha, akummwera paokha, ati aliyense azidzilamulira. Sindikuletsani ayi. Koma musanapinde mipandoyo, ndimvereni kaye zomwe ndinaona ndi maso angawa.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito yosamalira nkhalamba, ndipo ndinkakhala ku Moss Side, khoma limodzi ndi banja lina la Chisomali. Mayi wa m'nyumbamo anali Amina, mnzanga wa pa mtima ngakhale tinkamvana ndi Chingelezi chothyokathyoka, ndipo mwamuna wake anali Yusufu, dalaivala wa basi, munthu wosachuluka mawu. Lachisanu lililonse masana kunkabwera alendo awiri: Farah, mkulu wake wa Yusufu, ndi Jama, mlongo wake wa Amina. Akangokhala pansi khoma lija linkanjenjemera, ine ndili gone nditaweruka ku shifiti.

Ankakangana za kwawo. Inu mukudziwa kuti dziko lawo linasweka ndi nkhondo, ndipo pomanganso panabuka funso lomweli mukulikonda masiku anoli, la fedulo: kodi pakhale boma limodzi lamphamvu ku Mogadishu, kapena chigawo chilichonse chikhale ndi mtsogoleri wake ndi asilikali ake? Amina ankandimasulira tikuyanika zovala kuseri.

Farah ankati, "Dziko ndi limodzi, mbendera ndi imodzi. Tizigawo tanuto ndi makomo olowera alendo. Dziko lililonse loyandikana nafe lagula kachigawo kake."

Jama ankayankha kuti, "Boma limodzi lamphamvu ndi lomwe linatiotchera midzi, alamu. Ndipo asilikali akulondera nyumba ya boma lanulo ndi ochokera kuti, si alendo? Wogulidwa ndani pamenepa?"

Yusufu ankangothira tiyi m'makapu n'kumati iye ndi woyendetsa basi, aliyense akwere.

Mkanganowo sunathere pa tiyi. Unalowa m'gulu lawo la maliro, lomwe linali limodzi kuyambira kale, ndipo linang'ambika pawiri, uku mzikiti wawo ndi galimoto yawo yonyamula mitembo, uku chimodzimodzi. Yusufu anakana kusankha. Sabata ino ankapemphera kwa mkulu wake, sabata yamawa kwa mlamu wake, ndipo ine ndinkamuyamikira kuti ndi wanzeru, osadziwa kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Tsiku lina m'nyengo yozizira, Yusufu anagwa m'mawa ku depoti ya mabasi, mtima unangoima. Mwatsoka, sabata yomweyo kwawo kunali kutaomberana asilikali a boma ndi a chigawo, ndipo mwana wa mbale wake wa Jama anafera momwemo. Ndiye ganizirani, mitima inali kale pamoto.

Limbani, iwe unaphunzira ndi Asilamu, ukudziwa kuti iwo maliro sagoneka. Munthu akamwalira m'mawa amafuna dzuwa lisanalowe akhale atasambitsidwa, atakulungidwa mu nsanda, ataikidwa. Koma ku chipatala kunafika magalimoto awiri. Farah anati mng'ono wake wa bere limodzi sangakasambitsidwe ndi anthu ogawa dziko. Jama anati bambo wa ana a mlongo wake sangapemphereredwe ndi anthu omwe akuombera m'manja akupha achibale ake. Anagwirana makolala pakhonde la mochale, alonda anawatulutsa onse, ndipo akuluakulu a chipatala ananena mawu amodzi: mtembo sutuluka mpaka banja lilankhule chimodzi, zikakanika nkhaniyo ipita kwa a khonsolo ndi a khoti, iwo ndiwo agamule.

Mwamva? Anthu omwe ankatukwanizana usana ndi usiku kuti alendo akulowerera za kwawo, anali atatsala pang'ono kupereka mtembo wa m'bale wawo m'manja mwa alendo.

Masiku anapita. Amina anali atavala zoyera za umasiye, mwambo wawo sumulola kuyendayenda, ndipo kudzera pakhoma paja sindinkamvanso kulira, ndinkangomva mapazi akuyenda uku ndi uku. Kulira kuli bwino, ana inu, kusiyana ndi mapazi amenewo. Ine mtima unkandiwawa, koma ndinkadziuza kuti za eni ndi za eni, komanso mapepala anga okhalira m'dziko muno anali asanatuluke, ndinkaopa chilichonse chomwe chingaitane apolisi.

Masana ena Amina anagogoda pachitseko changa cha kuseri. Maso ali gwa, milomo itauma.

"Mchemwali, kwanu mumatani abale akakangana pa maliro?"

Ndinamuuza kuti kwa amuna anga ku Dedza abale sagwira mtembo. Pali adzukulu, anthu a banja lina, ndiwo amasambitsa, ndiwo amakumba manda, ndipo abale kaya akulira kaya akutukwanizana, adzukulu amangogwira ntchito yawo, palibe angawaletse. Ndinkangocheza kuti ndimutonthoze, koma iye sanazitenge ngati macheza.

"Ndiye iwe ndiwe mdzukulu wanga. Tenga beseni lako ndi sopo."

Ndinati, "Amina, ine ndine Mkhristu, ndine mkazi. Sindingagwire thupi la amuna ako."

"Sugwira. Iwe unyamule beseni basi."

Maliro n'kulirana, ndipo munthu amene ankandibweretsera chakudya ine ndikudwala sindikanamukanira. Tinayenda mumvula, iye patsogolo atakumbatira nsanda yomwe anagula yekha, ine pambuyo ndi beseni langa la chitsulo, mpaka pa chipinda china pamwamba pa sitolo pomwe amuna a mbali zonse anasonkhana kukamba mlanduwo. Mkazi salowa m'menemo. Tili pa masitepe tinkamva mawu akukwera, matebulo akumenyedwa, koma Amina anakankha chitseko n'kulowa.

Farah anali mbali iyi ndi anthu ake, Jama mbali iyo ndi ake, pakati pali mpata woti galimoto n'kudutsa. Amina anaima mumpata momwemo, ndipo analankhula Chingelezi dala, kuti ine mlendo ndimve manyazi awo.

"Chipembedzo chathu chimalola mkazi kusambitsa mwamuna wake. Shehe ali apa, anditsutse ngati ndikunama. Ndikupita kukamusambitsa ndekha. Madzi andinyamulira ndi mayi uyu wa ku Malawi. Mumadandaula kuti alendo amalowa m'dziko lathu osaitanidwa. Uyu ndamuitana ndine, chifukwa eni ake mwatanganidwa ndi Mogadishu. Pitirizani msonkhano."

Shehe sanatsutse, anangoweramitsa mutu. Koma mnyamata wina wa magazi otentha anadzambatuka, kukalipa m'chinenero chawo, n'kumenya beseni lija ndi dzanja. Linagwa, linagubuduzika pansi likulira, ndipo amuna a mbali zonse anaimirira nthawi imodzi. Apo ndinati basi, magazi akhetsedwa, apolisi abwera, ine ndikwera ndege yobwerera kumudzi. Beseni linazungulira, linazungulira, n'kukaima pa phazi la Farah.

Mkulu uja analiyang'ana. Kenaka anawerama, mawondo akulira, analitola, analipukuta ndi mkono wa jekete lake. Sanandibwezere ine. Jama anapita kwa mlongo wake, anatambasula manja, ndipo Amina anamuyang'anitsitsa kaye asanamupatse nsanda ija. Palibe anapepesa, palibe anagwirana chanza. Anatsika masitepe, wina ndi beseni, wina ndi nsalu.

Yusufu anakamusambitsira m'kachipinda ka chipatala komweko, osati ku mzikiti wa uyu kapena wa uyo, ndipo mapemphero anachitikira panja, kumanda, mvula ikuwakhapa onse mofanana. Kwawo mtembo salowetsa ndi zingwe, amuna amatsikira m'dzenje kukaulandira ndi manja. Ife amayi tinaima patali, koma ndinaona: Farah anatsika kumutu, Jama kumiyendo, chifukwa munthu mmodzi sangathe.

Musaganize kuti anayanjana, Chikondi, usamwetulire. Mpaka lero wina akuti boma limodzi, wina akuti zigawo, ndipo mwina onse ali ndi mfundo, ine sindine woweruza za dziko la eni. Galimoto ya maliro yokha ndiyo inabwerera kukhala imodzi. Koma Amina sanawakhululukire. Asanamuike, anapempha kuti aone nkhope ya mwamuna wake komaliza, shehe anamuuza mofatsa kuti ndi bwino akumbukire nkhope yomwe ankaidziwa, poti masiku aja mufiriji ya ku mochale anali atachuluka. Nthawi ya umasiye itatha anasamuka ndi ana ake, ndipo beseni lija anapita nalo.

Kale tinkaopa kuti tikafera kuno tidzasowa otiika chifukwa tinali ochepa. Lero ndikuopa chifukwa tachuluka. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Za fedulo kambiranani, ana anga, kanganani mpaka mawu asase, ngati akumpoto akuona kuti akuponderezedwa m'gululi anene ndipo amvedwe, mipando ya utsogoleri izizungulira. Koma fosholo ikhale imodzi.

Ine bambo anga anali a ku Rumphi, mayi anga a ku Thyolo, ndipo amuna anga malemu ndi a ku Dedza. Ndodo iyi mukuiona, ulendo wanga suli patali. Mukagawa gululi patatu, Tawonga mwana wanga, ubwere udzandiuze ndidakali moyo kuti galimoto yodzanditenga ine ndi iti, kuti ndidziwiretu ngati ndikadikire mufiriji.