Phwetekere wa pa Phulusa

Chaka cha 1987, nkhondo ili mkati, Feliciana anali pamzere wolandira chimanga ku Cassacatiza. Maso ake sankachoka pa lichero la mayi wina wosamudziwa.

"Amayi, phwetekere wam'tchire wofiira chonchi, chilala chonsechi?" anafunsa Feliciana. "Kwathu ku Nsadzo ndi mchenga wokhawokha, wanga amangopserera."

"Ameneyu safuna madzi ambiri. Amadzimerera yekha pa phulusa."

"Enanu Mulungu amakukonderani. Phulusa lochuluka chotero mwalipeza kuti?"

"Pomwe panali nyumba yanga. Asilikali anaitentha chaka chatha, ndi nkhokwe yomwe."

"Pepani," anatero Feliciana, akuyang'anabe licherolo. "Komabe inu mukudya. Nyumba yanga anaisiya ili chiimire, koma ana anga sanalawe ndiwo chiyambire Lamulungu."