Mayi Ketrina Chapola, osambitsa alendo

Abusa, akuluakulu a mpingo, anamfedwa anzanga, ine ndine Dyna, mwana wawo womaliza. Sindinapite patali ndi sukulu, ndiye pomwe ndalakwitsa mundikhululukire.

Malemu Mayi Ketrina Chapola anabadwa m'chaka cha 1958 ku Nkhotakota, m'dziko la Malawi. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Sukulu analekezera Sitandade 5, chifukwa makolo anaona kuti wofunika kupitiriza ndi mlongo wawo. Iwo sanadandaulepo. Amene ndimadandaula ndine.

Mu 1977 anakwatiwa ndi Bambo Efraimu Chapola, msodzi, ndipo ukwati unadalitsidwa mu mpingo wa Anglican. Mu 1989 anawoloka nyanja kudzakhala kuno ku Mbamba Bay, m'dziko la Tanzania. Bambo ankapha usipa, umene kuno timati dagaa, mayi ankakazinga mandasi pafupi ndi doko.

Ntchito imene mumawadziwa nayo inayamba mu 2003. Mayi wina anatsika m'boti akudwala, n'kumwalirira pamchenga pomwepo. Panalibe womudziwa, ngakhale dzina. Anthu anazungulira, kumangopepesa m'Chiswahili kuti pole, pole, koma womukhudza panalibe. Mayi anatsitsa chiwaya pamoto, natenga beseni, sopo ndi chitenje chawo cha Lamulungu. Akuluakulu ataloleza, anamusambitsa, namuveka. Kuyambira pamenepo, mlendo akafera kuno wopanda mbale, uthenga unkafika kwathu. Ankapita mpaka ku Lipingo ndi ku Ndumbi. Womwalirayo akakhala mwamuna ankatenga bambo, ndipo bambo ankapita akung'ung'udza njira yonse, koma ankapita.

Sanalandirepo udindo uliwonse mu mpingo. Ankakhala benchi lakumbuyo, pafupi ndi khomo. Munthu akawafunsa chifukwa chake akuchita zimenezi ankati, “Ambuye anasambitsa mapazi a amoyo. Ine andipatsa akufa. Ndi abwino, madzi akazizira sadandaula.”

Apa pali mawu amene ena anandiuza kuti ndisawerenge, koma mbiri yopanda mawuwa ndi yabodza. Kumsika kunabuka mphekesera yoti madzi osambitsira malirowo mayi amawasunga, n'kumakandira mandasi kuti malonda aziyenda. Taganizani. Munthu wasiya malonda ake tsiku lonse kukasambitsa mlendo, inu n'kumati akufuna kulemera! Ogula anathawa. Ife ana kusukulu anzathu ankakana kumwera kapu imodzi nafe. Mayi sanakangane ndi aliyense. Anangoyamba mwambo wawo: akatha kusambitsa ankaitana munthu mmodzi, n'kunena kuti, “Bwerani muone pomwe ndikutaya,” ndipo ankakhuthula madziwo pansi munthuyo akuona. Anachita zimenezi zaka makumi awiri.

Bambo anatisiya mu 2017. Mayi anapitiriza ntchitoyi mpaka chaka chatha, pomwe anafa ziwalo mbali ya kumanja. Anagonekedwa kuchipatala kawiri, kenako tinawasamalira kunyumba.

Pa matenda onsewo imfa sankaiopa. Nkhawa yawo inali imodzi. Pa mwambo wathu mwana sasambitsa mayi ake omubereka, ndipo abale athu onse ali kutsidya kwa nyanja. Tsiku lina ndikuwapesa anati, “Dyna, akapanda kubwera anthu, usayende khomo ndi khomo kupempha. Utseke chitseko undisambitse wekha. Sopo ali m'sutikesi.” Ndinawayankha mwaukali kuti ndikawakoka onse mmodzimmodzi. Anati, “Iwe ukali wakowo, unatengera ndani?”

Anamwalira Lachiwiri masana, ali ndi zaka 67. Ndivomere pamaso panu kuti ndinali nditalemba kale tsamba lina, la mayina a onse amene anawanyoza, loti ndiwerenge pano.

Dzulo m'mawa ndinatulutsa sopo uja m'sutikesi, ndinateleka madzi, ndipo ndinali pafupi kutseka chitseko. Nditasuzumira kunja ndinaona amayi asanu ndi anayi ataima pabwalo, aliyense ndi beseni lake. Kutsogolo kunali Mama Yustina, amene ankagulitsa moyandikana ndi mayi kumsika kuja. Andilola okha kuti ndinene izi: mphekesera ija inayambira pakamwa pawo. Sanalankhule zambiri. Anati, “Mwanangu, choka pakhomo. Si ntchito yako iyi.” Ndinachoka. Ndinakakhala pansi kuseri kwa nyumba, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire matendawa ndinapuma bwinobwino.

Atamaliza, Mama Yustina anatuluka ndi beseni, nandiitana pamaso pa onse. “Dyna, bwera uone pomwe ndikutaya.” Anakhuthula patsinde pa mtengo wa mandimu. Tsamba la mayina lija ndinasonkhezera moto wa tiyi amene mwamwa m'mawa uno.

Malemuwa asiya ana anayi: Mayeso, Tiyezge, Mwawi ndi ine Dyna, zidzukulu khumi ndi chimodzi, mchemwali wawo mmodzi ndi mlongo wawo mmodzi ku Nkhotakota, amene alephera kuwoloka. Asiyanso manda makumi atatu ndi anayi a alendo amene anapita ali oyera, ambiri mwa iwo opanda dzina pamtanda.

Mayi, musadenso nkhawa. Anthu anabwera, ndipo madzi anali ofunda. Mzimu wawo uuse, apumule mu mtendere.