Nokutenda Adzisankhira Mawu

Olemekezeka Abusa, olemekezeka Mayi Hedi ndi aphunzitsi anu, Bambo Lameki Mbewe wapampando wa komiti ya makolo, amayi a Mvano, makolo a kuno ku Mabvuku ndi ku Tafara, ndi inu ana amene mwadzaza khondelo, ndakupatsani moni nonse.

Ine ndinakulira kuseri kwa msika uko. Ndinali ndi mng'ono wanga, Serafina, amene sanalankhulepo chibadwire. Ife tikamapita kusukulu, iye ankatsala pageti atagwira waya, maso ake akutiperekeza mpaka pakona. Anatisiya asanaone mkati mwa kalasi. Mpaka lero ndimamulota, ndipo kutuloko amalankhula osapuma, amaseka, amandinena kuti ndakalamba. Ndikadzuka ndimayesa kukumbukira kamvekedwe ka mawu ake, koma amakhala atauma ngati mame. Zimandipweteka, sindibisa.

N'chifukwa chake nditamva za Nokutenda, mwana wa giredi 3 amene amamva zonse koma lilime ndi manja sizimumvera, ndinakwera kombi osadikira kuitanidwa kawiri. Mayi ake anali atatsala pang'ono kumusiyitsa sukulu. Anati, "Akungokhalako ngati mpando."

Komiti inasankha mwanzeru chipangizo chomuthandiza kulankhula. Tabuleti yonyezimira ya m'tauni anaikana, poti magetsi a kuno amabwera ngati mlendo wosalonjeza. Anatenga kabokosi ka mabatani akuluakulu, koyendera mabatire, kamene munthu amajambuliramo mawu, mwana akadina n'kumulankhulira. Tebulo lopendekeka, loti dzanja lake lifikire, analikhomera kwa akalipentala a ku Glen View.

Koma ife ndi ife. Kujambula mawuwo tinakuona ngati ulemu, ndipo ulemu kwathu umayambira kwa akulu. Ndiye anajambula Bambo Mbewe, mwini besi ya kwaya! Kamtsikana kakadina batani, m'kalasi munkamveka sekuru, agogo aamuna, akupempha madzi. Musaseke kwambiri, bambowo ali pano, ndipo anachita ndi mtima woyera. Anzake a m'kalasi ankafa nako kuseka. Nokutenda anakankhira kabokosiko kumapeto kwa tebulo, osakakhudzanso.

Ena anati chipangizo n'cholakwika, ena anati mwanayo ndi wamwano. Mayi Tecla, mphunzitsi wake, ndiwo anati, "Nanga mwiniwake tamufunsa?" Anaimika atsikana a m'kalasimo, aliyense n'kunena moni. Nokutenda anatsinzina, akumvetsera ngati munthu wosankha nsalu. Atafika Ratidzo, wa mawu osasa pang'ono, Nokutenda anatsegula maso n'kumenya tebulo. Basi, m'kabokosimo tinajambuliramo mawu a Ratidzo.

Panali china. Ife akulu tinaikamo zikomo, pepani, chonde, ndikufuna madzi, mawu a mwana wofatsa wosavutitsa anthu. Mayi Tecla anamutchulira mawu ena amodziamodzi mpaka Nokutenda anamenyanso tebulo. Lolemba lapitali, samu ili pabolodi, kalasi yonse ili zii, batani latsopanolo linalira: "Ine, aphunzitsi, ndikudziwa!" Anamupatsa makadi a manambala. Analoza, ndipo anakhoza. Mayi ake ali apo, akuti akhala akumubweretsa tsiku lililonse.

Ndimalota Mabvuku amene geti lililonse lidzakhala lopanda mwana wotsalira. Zipangizo zina zikubwera, za osaona bwino ndi za osamva. Musanagule, gwadani mufanane naye msinkhu mwanayo, mumufunse.

Tsopano, mwa ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti chipinda chatsopano cha sukulu ino, chosungiramo zipangizo zimenezi, chatsegulidwa. Nokutenda, mwana wanga, ine ndalankhula mokwanira. Yatsala ndi nthawi yako.

Zikomo kwambiri.