Khungu Langa Litaleka Kugwirana

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu nonse. Ine ndine Esinta, kwathu ndi ku Ntcheu. Ndikufuna ndikuuzeni za matenda amene anandisenda khungu ndili wamoyo, m'zaka za m'ma 1990, nditangofika kumene ku Joni.

Ndinkachapa ndi kusita kwa mzungu wina ku Brakpan, kugona ndinkagona m'kanyumba ka malata kudera lotchedwa Ramaphosa. Zinayamba ndi zilonda za m'kamwa, moti ngakhale tiyi ankandiwawa ngati tsabola. Kenako panatuluka matuza pamsana ndi pachifuwa. Ankaphulika okha, ndipo bulauzi ikamatirira, povula inkachoka ndi khungu. Madamu ataona madontho pa yunifomu yanga, anandiimitsa pageti n'kundiuza kuti ndisabwerenso.

Masiku amenewo munthu akaonda ali ndi zilonda, anthu sankafunsa kawiri. Amayi amene tinkaimba nawo kwaya anayamba kundisiyira chakudya pakhomo, mbale zawo osazibwerera. Sindikuwanena, mantha tinali nawo tonse. Kuchipatala ndinkaopako chifukwa ndinalibe mapepala.

Tsono ife Amalawi kuno tinali ndi kachitidwe kathu. Munthu akadwalika tinkamutumiza kumudzi akupumabe, poti kunyamula maliro kuchokera ku Joni ndi chintchito. A Kamwendo, mkulu wa mpingo wathu, anabwera n'kuima patali ndi chitseko.

"Mayi, tapeza thiraki yopita kwathu. Mukapumire kumudzi, ana akakuoneni."

Kupuma kumene ankanenako ndinakumva bwino lomwe. Ndinalira, abale. Ndinadziwa kuti ndi msana wopanda khunguwo, ngakhale pa Mwanza sindikafika. Ndinangoti, "Ambuye, ngati nthawi yanga sinakwane, tsekani njirayi."

Dalaivala wa thirakiyo anali bambo wa ku Chipata, wapakamwa ngati lumo. Atandiona nditafunda chitenje chonyowa ndi zilonda, anagwira mphuno.

"Eish, aba bazanifela pa Beitbridge, mapolisa bagwile ine. Sininyamula mtembo ine!"

A Kamwendo anachonderera mpaka kuvula chipewa, koma munthuyo anakanitsitsa. Pofuna kuti timuchoke, dalaivalayo anandiponya m'thirakimo n'kukanditula pachipatala cha boma chapafupi, pabenchi, osacheukanso. Ndinakhala pamenepo ndikudikira apolisi, koma amene anabwera anali nesi, ndipo za mapepala sanafunse.

Dokotala anali mayi wodekha. Anatikita ndi chala pamkono panga, pamalo pooneka pabwinobwino, khungu n'kutsetsereka ngati la tomato wowiritsa. Nkhope yake inasintha. Anayeza magazi, kachilombo kamene aliyense ankandiganizira sikanapezeke. Anadulanso kachikopa kakang'ono kukapima, ndipo zotsatira zitabwera anandifotokozera mwachifatse kudzera mwa nesi uja.

Akuti khungu ndi timaselo tambirimbiri toyandikana. Kaselo kalikonse kali ndi timanja kunja kwake, ndipo kadzanja kalikonse kamagwira kadzanja koyenerana nako ka kaselo koyandikana. Pogwiranapo ndi pamene timazindikirana n'kumangana. Mwa ine, chitetezo cha m'thupi chinasokonezeka n'kumamata timanjato, timaselo n'kuyamba kutayana. Matendawo si opatsirana, koma munthu akapanda kulandira mankhwala amapha. Nesi anawonjezera kuti, "Mama, mukanapita ulendowo, akanakutsitsani panjira."

Anandigoneka n'kundipatsa mapiritsi amphamvu amene ananditupitsa nkhope ngati dzungu. Pang'onopang'ono matuza analeka kutuluka, khungu n'kugwirananso. Zipsera ndili nazo mpaka lero, ndipo sindizibisa.

Nditatuluka, ndinatsuka mbale zonse zija n'kuzibweza ndekha khomo ndi khomo. Mayi wina atandiona anakuwa n'kuthawira m'nyumba, poti iye ankadziwa kuti ndinaikidwa kale ku Ntcheu. Ndinamudikira mpaka anatuluka, ndinamugwira dzanja, tonse n'kuyamba kulira.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera m'kamwa mwa munthu wamwano. Dalaivala uja dzina lake sindilidziwa, koma ndimamupempherera. Inu amene mukudwala, limbani mtima, musadziwerengere kumanda Mwini moyo asananene. Ndipo inu a mpingo, mnzanu akadwalika, musathamangire kumufunira thiraki. Yambani mwamugwira dzanja, mupite naye kuchipatala.