Zitenje Ziwiri ndi Mutu Wosochera wa Mwalimu Kihwele

Olemekezeka a Wapampando wa khonsolo ya tawuni yathu ino ya Mafinga. Olemekezeka Mayi Lukosi, amene muziyang'anira nyumba ya mabukuyi. Abusa ndi a Shehe, amene lero mwakhala pa benchi imodzi. Aphunzitsi, amalonda, amayi ndi abambo. Komanso inu mwini tsikuli, mphunzitsi wathu Mwalimu Onesimo Kihwele, amene mabuku anu makumi awiri ndi anayi tikuwapatsa chipinda chawochawo: ndakupatsani moni nonse.

Ndikuthokoza komiti pondisankha kukhala mlendo wolemekezeka, ngakhale ndamva kuti ndinali wachitatu pamndandanda, ndipo awiri oyambawo anawiringula kuti kuno kukuzizira. Ine ndine Dorkasi Nyalusi. Sukulu ndinalekeza Fomu 4, koma mabuku a Mwalimu ndinawawerenga onse asanasindikizidwe, chifukwa ndine ndinkawatayipa.

Mayi Lukosi andidandaulira kuti mabukuwa awavuta kusanja. Ena amakamba za ndakatulo ndi nthano, ena za ndale, ena za maukwati, minda ya tiyi, ngakhale za ulesi wa amuna pa nthawi yokolola. Mayi, inu mwavutika sabata ziwiri, ine ndinavutika zaka makumi atatu. Bambo awa ankalemba mabuku atatu nthawi imodzi, ndipo ankaletsa kuika manambala pa masamba, ati mwina mawa asintha maganizo. Kuti ndisasokoneze, buku lililonse ndinkalikulunga m'chitenje chakechake.

M'chaka cha 1996 ndinali ndi mitolo iwiri yotayipa kale. M'chitenje chofiira munali buku la nyimbo za ukwati za mtundu wa Ahehe, m'chobiriwira munali la zisankho za atsogoleri a m'magulu a alimi. M'mawa wina tinamva kulira kwa aneba. Mukudziwa kuti mkazi sapita kumaliro opanda chitenje, ndipo zanga zina zinali pachingwe, zonyowa. Mng'ono wanga anati, "Iwe Dorkasi, mapepala akuvala ife tili chonchi? Kodi akukalira ndi iwowo?" Tinavula mabuku aja, n'kusanjikiza mapepala onse pamodzi. Nditabwerako ndinawagawa pamene ndinaona kuti ndi pakati, n'kukapereka mtolo wofiira kwa osindikiza, a Fundi Yakobo Chavala, amene akhala kumbuyo uko pafupi ndi khomo.

Buku la nyimbo za ukwati linatuluka lokongola. Koma ukamaliza mutu wa nyimbo zoperekeza mkwatibwi, mutu wotsatira unkayamba motere: "Munthu wofuna mpando amalonjeza mlatho ngakhale kumene kulibe mtsinje."

Musaseke, a Shehe, tsiku limenelo sitinaseke. Mwalimu anathamangira kwa a Fundi buku lili m'manja, ine ndili pambuyo.

"Yakobo! Kodi umasindikiza ndi maso kapena ndi mapazi?"

"Ndimasindikiza zimene wandipatsa, Onesimo. Ukandipatsa mbuzi ndisindikiza mbuzi."

"Sunaone kuti mkwatibwi wasanduka wapampando?"

"Ndinaona. Ndinati ndi nzeru za anthu ophunzira. Mabuku ako ena ndimawamvetsa ngati?"

Onse awiri anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Ndinali ndi ana atatu, ndipo ntchito inali yomweyo.

Patapita miyezi, mphunzitsi wina wa ku yunivesite analemba m'nyuzipepala kuti Kihwele waonetsa luso losowa, poti waika chisankho pakati pa ukwati kuti tione kuti wofunsira mbeta ndi wofunsira mavoti amalankhula chinenero chimodzi. Bukulo linagulidwa kuposa ena onse. Mwalimu analandira matamandowo modzichepetsa, monga mukuwaonera panomu, koma sanawakhululukire a Fundi. Anthu awiri amene anakulira limodzi, amene wina anali mboni pa ukwati wa mnzake, akhala zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi osapatsana moni. Kutchalitchi wina amakhala kumanja, wina kumanzere, ndipo nthawi yopatsana mtendere ikakwana onse awiri amagwidwa chifuwa. Abusa akugwedeza mutu, akudziwa.

Choncho lero, pamaso pa khonsolo ndi pa azipembedzo, ndikunena zimene ndinalephera kunena tsiku lija. Mwalimu, a Fundi sanalakwe. Amene anasokoneza mapepala ndine, ndipo chifukwa chake chinali chitenje. A Fundi, munanyozedwa m'malo mwanga, makasitomala ena anakuthawani, ine ndili chete. Pepani. Ndinadikira kuti ndipume pantchito, kenaka ndinadikira kuti Mwalimu akalambe mokwanira kuti asathe kundithamangitsa. Ndaona ndodo yawo lero, ndalimba mtima.

Kwa inu amene muzibwera kudzawerenga muno, mupeza munthu mmodzi amene sanavomere kuti nyimbo ndi za oimba okha, ndale ndi za andale okha, kapena kuti za m'banja zizithera kuchipinda. Werengani mabuku onsewa, mutsutsane nawo, chifukwa mwini wake amakonda mkangano kuposa chakudya.

Tsopano andipatsa sizasi kuti ndidule riboni. Koma dzanja limene linagawa mapepala molakwika lisadulenso kanthu lero. Mwalimu, bwerani mugwire mbali iyi. A Fundi, nyamukani kukhomoko, mbali inayi ndi yanu. Sizasi siidula ndi mpeni umodzi, ndipo tiyi akuzizira, ndiye musatichedwetse.

Mwalimu, mwati chiyani? Kwezani mawu, a Fundi makutu anayamba kuvuta. Ati, "Yakobo, wakalamba." A Fundi ayankha kuti, "Ndakalamba ndikudikira iwe." A Wapampando, kwa anthu awiriwa umenewo ndi moni wokwanira.

Dulani, abambo. Eya!

Ndi ulemu wonse, ndikulengeza kuti Chipinda cha Mabuku a Mwalimu Onesimo Kihwele chatsegulidwa tsopano. Zikomo kwambiri nonse pondimvetsera.